Kalata kwa mwana wanga woyembekezera: za magazi, sikani ndi singano

Mwana wanga wokondedwa,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe ndi amuna ako ku England kumeneko. Nkhani ya pakati pako yatikondweretsa kwambiri, ndipo monga unapempha, sinatuluke m'nyumba muno. Wati uli ndi masabata 9, azamba akupatsa kabuku ka zoyezayeza n'kukuuza kuti usankhe wekha, ndipo mutu waima. Sindikusankhira. Ndingokuyalira zonse pamphasa kuti uzione bwino, chifukwa pali zina zimene nthawi yake ikadutsa sizibwereranso.

Choyamba ugwire ichi, poti amayi ambiri amalira usiku wonse chifukwa chosachimvetsa. Zoyeza za pakati zili m'magulu awiri. Gulu loyamba limangoyerekeza. Amatenga magazi ako pamkono kapena kukuunika ndi sikani, n'kukupatsa nambala yonena kuti kuthekera koti mwana ali ndi vuto lakutilakuti n'kwakukulu kapena n'kochepa. Zimenezi sizimukhudza mwana, sizingachititse kuti upite padera, koma sizinena kuti inde kapena ayi. Gulu lachiwiri limatsimikiza. Amalowetsa singano m'chiberekero n'kutenga kachidutswa ka nsengwa kapena madzi a m'nsupa. Yankho lake ndi lodalirika, koma lili ndi mtengo wake, poti mwa amayi ochepa pakati pamachoka. Zonse zimene ndilembe m'munsimu zikuzungulira pa kusinthana kumeneku.

Ndiyambe ndi chimene kabukuko mwina kanachitchula mwachidule, koma kwa ife n'chachikulu: sickle cell, matenda a magazi amene mwana amatengera kwa makolo. Magazi oyeza zimenezi amafunika kutengedwa masabata 10 asanakwane, ndiye usazengereze ndi sikelo yoyamba. Akupatsa fomu yofunsa kumene makolo ako ndi a amuna ako anachokera, ndipo uilembe moona. Munthu wotengera sickle cell mbali imodzi, amene magazi ake amalembedwa AS, sadwala ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe. Ukapezeka AS, amuna ako ayezetse sabata yomweyo. Akapezeka AA, kutanthauza kuti sanatengere mbali iliyonse, mwana sangakhale ndi matendawa. Mukapezeka nonse AS, pakati palipose pali kuthekera kwa 1 pa 4 koti mwana akhale SS, amene ndi matenda enieniwo, 2 pa 4 koti akhale AS ngati inu, ndi 1 pa 4 koti akhale AA. Nambalayi imayambiranso pa mwana aliyense. Si kuti woyamba akabadwa wodwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Ndipo si S yokha imene amayang'ana mwa bambo. Magazi a mtundu wa C kapena a beta thalassaemia akakumana ndi S amabweretsanso matendawa. Chimene chimalakwika kawirikawiri n'chakuti bambo amazengereza, amati ali bwinobwino kapena ntchito yachuluka, ndipo pofika poyezetsa masabata apita. Mkamwini wanga umuwerengere ndime imeneyi.

Magazi a tsiku lomwelo amayezanso HIV, chindoko ndi hepatitis B. Pa zitatuzi palibe chokayikira, vomera, chifukwa zonse zili ndi mankhwala oteteza mwana ndipo kuyezako sikuononga kanthu. Amaonanso gulu la magazi ako. Ulisunge pamtima, makamaka ngati uli RhD negative, kutanthauza kuti magazi ako alibe chizindikiro chotchedwa D, chifukwa chake ndichinena ndikafika pa singano.

Tsopano za Down syndrome, Edwards ndi Patau. M'maselo a thupi lake, munthu amakhala ndi makromozomu 46, awiriawiri, amene ndi tinthu tonyamula chibadwa chimene amatengera kwa makolo. Nthawi zina dzira kapena mbewu ya bambo ikamapangika, kromozomu imodzi imapitirira, mwana n'kukhala ndi zitatu pamalo a ziwiri. Ikapitirira ya nambala 21 ndi Down, ya 18 ndi Edwards, ya 13 ndi Patau. Izi zimachitika pakati pasanaoneke n'komwe. Sizibwera chifukwa cha chakudya, ntchito yolemetsa, kulongolola, kudumpha mwambo kapena kulodzedwa. Ndikunena izi chifukwa ndikuwadziwa anthu akwathu. Mwana akabadwa ndi ulumali, chala chimaloza mayi, ndipo sindifuna kuti udzasenze mlandu wosaupalamula. Chimene chimakweza kuthekeraku ndi zaka za mayi. Pa zaka 20 ndi pafupifupi 1 pa 1,500, ndipo pa zaka 40 ndi pafupifupi 1 pa 100. Komabe mayi wa msinkhu uliwonse angabereke mwana wotere.

Kuyeza koyamba kumene NHS, imene ndi zipatala za boma za kumeneko, ikupatse ndi combined test. Kuli mbali ziwiri. Pa sikani, imene imachitika kuyambira masabata 11 ndi masiku 2 kufika masabata 14 ndi tsiku limodzi, amayeza kutalika kwa mwana kuchokera pamutu kufika kumatako, ndipo kuyenera kukhala pakati pa mamilimita 45 ndi 84. Kenako amayeza timadzi timene timakhala pansi pa khungu la pankhongo pake. Ana onse amakhala nato, koma tikachuluka kuthekera kwa vuto kumakwera. M'magazi ako amayeza zinthu ziwiri zochokera ku nsengwa, PAPP-A ndi free beta hCG. Kompyuta imaphatikiza zonsezi ndi zaka zako n'kutulutsa nambala ziwiri, ina ya Down, ina ya Edwards ndi Patau pamodzi. Uli ndi ufulu wovomera zonse, kapena ya Down yokha, kapena ya Edwards ndi Patau yokha, kapena kukana zonse n'kungoonetsa kuti mwana akukula bwanji ndiponso tsiku lochira ndi liti.

Apa pali kanthu kamene ambiri sakadziwa. Kompyutayo imawerengera molingana ndi kulemera kwako, mtundu wako, ngati umasuta, ngati uli ndi shuga, ndiponso ngati pakatipo panabwera kudzera mu IVF, njira imene madokotala amaphatikiza dzira ndi mbewu ya bambo kunja kwa thupi. Amayi akuda mwachibadwa amakhala ndi PAPP-A wokwera kuposa azungu, ndiye wina akalemba mtundu wako molakwika, nambala yotuluka imakhala yolakwikanso. Usachite manyazi kupempha kuti uone zimene alemba pa fomu, ndipo akuyeze pasikelo tsiku lomwelo m'malo mongokufunsa kuti umalemera bwanji. Nthawi zina mwana amagona moipa, nkhongo osaoneka, kapena mayi wabwera mochedwa. Zikatero amapereka quadruple test, ya magazi okha, kuyambira masabata 14 ndi masiku 2 kufika masabata 20. Imeneyi imayang'ana Down yokha ndipo imaphonya ana ambiri kuposa combined test.

Malire amene anaika ndi 1 pa 150. Nambala ikakhala pakati pa 1 pa 2 ndi 1 pa 150, amati kuthekera n'kwakukulu ndipo amakuimbira foni m'masiku atatu a ntchito. Ikakhala yotalikira kuposa pamenepo, monga 1 pa 900, amakulembera kalata m'masabata awiri. Mwa amayi 100 oyezetsa, oposa 95 amalandira kalatayo. Foni ikalira, khala pansi, pempha nambala yeniyeni, uilembe papepala, kenako uitembenuze. Kumva 1 pa 100 kumaopsa, koma tanthauzo lake n'lakuti mwa amayi 100 olandira yankho lofanana ndi lako, 99 ana awo alibe vutolo. Mbali inayo nayonso uidziwe. Yankho la 1 pa 900 silikutanthauza ziro, ndipo combined test imaphonya mwana mmodzi kapena awiri mwa ana 10 amene ali ndi Down. Timadzi ta pankhongo tikafika mamilimita 3.5 kapena kuposa, imeneyo ndi nkhani ina payokha. Amakutumiza kwa madokotala a ana osabadwa ngakhale nambala ili bwino, chifukwa kangakhale kachizindikiro ka vuto la mtima. Ndipo PAPP-A akatsika kwambiri, amayang'anira kakulidwe ka mwana ndi masikani oonjezera, nthawi zina n'kukupatsanso aspirin wochepa mphamvu.

Yankho likabwera lokwera, njira zilipo zitatu: kusiyira pomwepo, kuyezetsa NIPT, kapena kupita ku singano. NIPT ndi magazi a pamkono basi. M'magazi a mayi woyembekezera mumayandama tizidutswa ta DNA, chinthu chimene makromozomu amapangidwa nacho, tochokera ku nsengwa, ndipo makina amawerenga ngati ta kromozomu 21, 18 kapena 13 tachuluka kuposa muyezo. Ku England NHS inayamba kuipereka ulere mu 2021 kwa amayi amene yankho lawo loyamba lakwera. Pa Down imagwira ana oposa 99 mwa 100, ndiye ikabwera yotsika mtima ungakhale pansi ndithu, ndipo amayi ambiri apewa singano chifukwa cha iyo. Koma ikadali m'gulu loyerekeza. Chimene imawerenga ndi nsengwa, osati mwana, ndipo nthawi zina nsengwa imakhala ndi makromozomu osiyana ndi a mwanayo. Nthawi zinanso yankho silituluka n'komwe chifukwa DNA ya nsengwa yachepa m'magazimo, zimene zimachitika kwambiri pakati pakakhala pang'ono kapena mayi akakhala wonenepa. Siyenera kwa amene anaikidwa magazi m'miyezi 4 yapitayi, amene ali ndi khansa, amene anamuika chiwalo cha munthu wina, kapena amene anali ndi mapasa wina n'kufera m'mimba koyambirira, chifukwa DNA ya winayo imasokoneza. NIPT ikanena kuti kuthekera n'kwakukulu, usapange chiganizo chachikulu chilichonse usanatsimikize ndi singano.

Anzako akuuza kuti ulipire wekha NIPT kuchipatala cholipira kuyambira masabata 10, pamtengo wa mapaundi mazana angapo. Ngati ndalamayo ilipo ndipo ukufuna kudziwa za 21, 18 ndi 13 msanga, palibe cholakwa. Chimene sindigwirizana nacho ndi mndandanda wautali wa matenda osowa umene amauonjezera pamwamba n'kukweza mtengo. Taona chitsanzo chongowerengera. Tinene kuti vuto lina limagwira mwana mmodzi mwa 10,000, ndipo makina amalakwitsa kamodzi pa 1,000. Ukayeza amayi 10,000, upeza mmodzi amene mwana wake alidi ndi vutolo ndi ena 10 amene aopsezedwa pachabe. Vuto likakhala losowa, mayankho ambiri oopsa amakhala abodza, ndipo mapeto ake ndi singano imene sinali yofunika. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga.

Za singanozo tsopano. Zilipo ziwiri. CVS imachitika pakati pa masabata 11 ndi 14. Dokotala amayang'ana pa sikani, amapukuta pamimba ndi mankhwala opha tizilombo, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi, kenako amalowetsa singano yopyapyala mpaka pa nsengwa n'kutengako kachidutswa. Nthawi zina amadzera kukhomo la chiberekero ngati nsengwa yakhala poti pamimba sangaifikire. Amniocentesis imachitika kuyambira masabata 15. Singano imalowa m'nsupa pamalo potalikira mwana, n'kukoka madzi okwana mamililita 15 mpaka 20, ngati masupuni a tiyi atatu kapena anayi, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Zonse zimatenga mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo ululu wake umafanana ndi cham'mimba cha kumwezi. Masabatawa sanaikidwe mwachisawawa. CVS yochitika masabata 10 asanakwane inapezeka kuti imalumaza manja ndi miyendo ya ana ena, ndipo amniocentesis yochitika masabata 15 asanakwane imachulukitsa kupita padera ndi kubadwa ndi mapazi opindika.

Kuopsa kwake, NHS imati mwa amayi 200 ochitidwa zimenezi, amene angapite padera chifukwa cha singanoyo saposa mmodzi. Pa mapasa nambalayi imakwererapo. Matenda oopsa olowera pa singano amagwira ochepera mmodzi mwa 1,000. Zimatengeranso dzanja la wobayayo, ndiye kufunsa kuti amachita zingati pa chaka si mwano. Safunsa anadya phula. Ngati uli RhD negative, akubaye jakisoni woteteza wotchedwa anti-D pasanathe maola 72, chifukwa singano ingasakanize magazi a mwana ndi ako, thupi lako n'kupanga asilikali olimbana ndi magazi a ana otsatira. Mayi amene ali ndi HIV amadikira kaye kuti mankhwala atsitse kachilombo mpaka kosaoneka m'magazi. Ukatuluka kuchipatala upume tsiku limodzi kapena awiri, usanyamule zolemera, ndipo paracetamol ndi wokwanira pa ululu. Koma ukaona madzi akuchucha, magazi akutuluka, thupi latentha kufika madigiri 38, ukuzizidwa, kumaliseche kukutuluka zonunkha, kapena ululu ukukulirakulira ngati matenda ayamba, imba foni kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Zoipa zambiri zimaoneka m'masiku atatu oyamba, koma ukhale tcheru mpaka masabata awiri.

Yankho loyamba, la makromozomu atatu aja, limabwera m'masiku atatu a ntchito. Lofufuza mozama limatenga masabata awiri kapena atatu. Pali msampha umodzi pa CVS. Popeza imatenga nsengwa, pa amayi 1 kapena 2 mwa 100 yankho limaonetsa zimene zili m'nsengwa mokha, mwana ali bwinobwino. Ndiye taganiza: NIPT yawerenga nsengwa, CVS yabweranso kudzawerenga nsengwa yomweyo. N'chifukwa chake NIPT ikaloza Edwards kapena Patau koma sikani ikuonetsa mwana wopanda chilema, madokotala ambiri amalangiza kudikira masabata 15 kuti achite amniocentesis, poti madzi a m'nsupa ali ndi maselo a mwana weniweniyo. Ndipo yankho lofulumira la CVS likakhala loipa pamene sikani ili bwino, dikira yankho lachiwiri. Masabata amenewo ndi owawa, koma kufulumira apa kwatayitsa anthu ana abwinobwino. Kufufuza kozama kuja, kumene amati microarray, nako kuli ndi minga yake. Nthawi zina kumapeza kusintha kwakung'ono mu DNA kumene ngakhale akatswiri sangathe kunena ngati kudzabweretse vuto kapena ayi, ndipo makolo amatsala ndi nkhawa yopanda yankho mpaka mwana atakula. Ufunsiretu kuti ayeza chiyani ndipo akuuza zotani.

Sikani ya masabata 20, imene imachitika pakati pa masabata 18 ndi 21, ndiyo ndingakulimbikitse popanda kujejema. Amayang'ana mavuto 11 a m'mutu, msana, nkhope, mtima, mimba, impso ndi mafupa. Imaona pafupifupi ana 9 mwa 10 amene msana wawo sunatsekeke, pafupifupi 3 mwa 4 a mlomo wong'ambika, koma pafupifupi theka lokha la mavuto aakulu a mtima. Phindu lake limagwirika ndi manja. Mwana amene mitsempha ikuluikulu ya mtima wake inasinthana malo amafunika mankhwala akangobadwa ndi opaleshoni m'masabata oyamba, ndipo kudziwiratu kumachititsa kuti ukachirire kuchipatala choyenera. Wa matumbo otulukira kunja kwa mimba amapeza madokotala a opaleshoni akumudikira. Ena a msana wosatsekeka amachitidwa opaleshoni ali m'mimba masabata 26 asanakwane. Pakali pano pitiriza folic acid, mamaikirogalamu 400 tsiku lililonse mpaka masabata 12.

Funso limene ndikufuna kuti mukambirane ndi amuna ako musanapite ku sikani yoyamba ndi ili: yankho likabwera loipa, tidzachita nalo chiyani? Mukambirane panopa mitima ili m'malo, osati foni italira kale. Lamulo la kumeneko limalola kuchotsa pakati chifukwa cha ulumali waukulu wa mwana, ngakhale patadutsa masabata 24, pamene la kuno ku Malawi silipereka chilolezo pa chifukwa chimenecho. Ndiye udzafunsidwa funso limene amayi akuno safunsidwa, ndipo mwina udzalimva kangapo. Palibe woyenera kukukakamiza mbali iliyonse, kaya dokotala, kaya abusa, kaya apongozi ako, kaya ine. Ngati mukudziwa kale kuti mwanayo mudzamulandira mulimonse, singano ya Down ilibe phindu lalikulu kwa inu. NIPT ndi sikani yoona mtima wa mwana zingakukonzekeretseni mokwanira, ndipo kutsimikiza kungadikire magazi a mwanayo akabadwa. Chimodzimodzi sickle cell: ana onse kumeneko amatengedwa magazi pachidendene tsiku lachisanu, ndipo wopezeka nayo amayamba penicillin asanakwane miyezi itatu. Koma ngati yankho lingasinthe chiganizo chanu, kapena ngati kusadziwa kukulanda tulo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuopsa kwa 1 pa 200 kungakhale koyenera kukusenza.

Musaike mavuto atatu aja m'thumba limodzi. Ana ambiri a Edwards ndi Patau amafera m'mimba kapena amakhala masiku kapena miyezi yochepa, ngakhale alipo ena amene amapitirira. Down ndi yosiyana. Pafupifupi theka amabadwa ndi vuto la mtima, ndipo ambiri a iwo amathandizika ndi opaleshoni. Onse amaphunzira mochedwerapo, ena pang'ono ena kwambiri, ndipo palibe choyeza chimene chingakuuze kuti wako adzakhala pati. Amapita kusukulu, ena amagwira ntchito, ndipo ambiri masiku ano amafika zaka za m'ma 60. Bungwe la Antenatal Results and Choices limathandiza makolo amene alandira yankho lovuta popanda kuwakokera mbali, ndipo la Down's Syndrome Association lingakulumikizeni ndi mabanja amene akulera ana otere. Kucheza ndi banja limodzi lotero kumaphunzitsa kuposa kabuku.

Zoyeza zonsezi zikabwera bwino, sizikulonjeza mwana wopanda vuto lililonse. Siziona autism, kusamva kapena zovuta za pobereka. Ndipo usatanganidwe ndi makromozomu mpaka kuiwala thupi lako. Malipoti a MBRRACE-UK, gulu lofufuza za imfa za amayi ndi makanda kumeneko, akhala akuonetsa kuti amayi akuda kumeneko amamwalira pa uchembere kwambiri kuposa azungu. Pa sikelo iliyonse akuyeze BP ndi mkodzo. Mutu ukamapweteka kosalekeza, maso akamachita chidima kapena nyenyezi, nkhope ndi manja zikatupa mwadzidzidzi, kapena mwana akachepetsa kugunda, pita tsiku lomwelo, ndipo akakuuza kuti si kanthu iwe ukumva kuti chilipo, pempha kuonana ndi wamkulu wawo.

Pa sikani ya masabata 12 usapite wekha, amuna ako apemphe tchuthi. Tenga kope ndi cholembera, ulembe kutalika kwa mwana, muyezo wa pankhongo ndi tsiku lochira limene akupatse. Zotsatira za sickle cell zikangotuluka undiimbire, ndipo undiuzenso gulu la magazi ako. Bambo ako akupereka moni, ndipo ati ufa ndi usipa adzapatsira munthu woyamba wopita kumeneko.

Ndine mayi ako.